Tsiku Limene a Wilbert Anathawitsa Mdzukulu Wawo

Fatsani ndi Tadala, ana anga, mumandidandaula kuti ndikamakamba za ku Dubai ndimangothera pa nyumba zitalizitali ndi kutentha kwa dzuwa, osanenako za anthu amene ndinawagwirira ntchito. Tsopano poti mawondo akana ndipo ndakhala pansi kuno ku Migowi, ndati ndilembe. Mudziwe kumene mayi wanu anathera mphamvu zake, ndiponso mudziwe za munthu mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga.

1994 mpaka 2009: M'wodi ya amuna

Ntchito yanga yoyamba inali yosamalira odwala pachipatala china cha mishoni kuno kummwera. Sindinali namwino ayi. Ine ndinali wosambitsa odwala, wotaya zoipa, wotembenuza amene sankatha kudzitembenuza. Sisitala wamkulu wa wodi yathu anali mayi wosaseka, koma wachilungamo. Magolovesi akatha, ndipo ankatha kawirikawiri, ankatiuza kuti tivale timapepala ta pulasitiki m'manja, iwonso n'kuvala tomweto. Panali miyezi ina imene ngakhale sopo ankasowa, tinkachita kubwera naye kuchokera kunyumba. M'wodi imeneyo ndi mmene ndinadziwira mowa. Sindinaulawepo, koma ndinaudziwa ndi mphuno. Ankabwera azibambo otupa mimba, maso achikasu, manja akunjenjemera, akulumbira kuti asiya chaka chatha, chonsecho fungo la kachasu likutuluka m'thukuta. Munthu angatsuke mkamwa, angatafune chilichonse, koma khungu silinama. Bambo anu atamwalira, malipiro a m'wodi sanathenso kutisunga. Ndinakusiyani m'manja mwa azakhali anu, n'kutsatira mayi wina amene ankapezera anthu ntchito kunja.

2010 mpaka 2013: Bur Dubai

Banja loyamba limene ndinaligwirira ntchito ya m'nyumba ku Dubai linali la munthu wogulitsa nsalu. Tinkakhala m'kanyumba ka pamwamba pa masitolo, anthu ochuluka, zipinda zochepa. Ine ndinkagona m'kachipinda ka makina ochapira, miyendo osatambasula bwino. Pasipoti yanga abwana anaitsekera m'kabati tsiku lomwe ndinafika. Ndinkadya zotsala, ndipo zikapanda kutsala ndinkamwa tiyi. Sindikufuna kuchedwa pa zaka zimenezi. Anthuwo sankandimenya, koma sindikukumbukira tsiku limene wina anandifunsapo ngati kwathu ndili ndi ana. Chimene ndinapindula kumeneko ndi mawu angapo a Chiarabu, monga yala, kutanthauza kuti fulumira, ndi khalasi, kutanthauza kuti basi zatha. Ndinapezanso mnzanga. Kutchalitchi, tsiku lina Lachisanu, lomwe linali tsiku lopuma kumeneko, ndinamva mayi wina akung'ung'udza kuti, "Iyi heat izatipaya." Ndinatembenuka n'kumugwira mkono. Anali Tamara wa ku Chipata, wometa ndi kuluka tsitsi m'saluni ina ku Bur Dubai komweko. Ankagona ku International City, m'chipinda chimodzi ndi atsikana anzake angapo, mabedi osanjikiza. Kontilakiti yanga itatha, Tamara ndi amene anandiuza za kasitomala wake wina amene ankafuna wolera mwana.

2014: Kwa Madamu Darlene

Nyumba yatsopano inali ku Downtown, m'mwamba kwambiri moti magalimoto pansi ankaoneka ngati nyerere. Madamu Darlene anali injiniya pakampani ina yomanga. Ukwati wawo unali utatha, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Nizhoni, wa zaka zinayi. Nditawaona koyamba ndinkayesa ndi a ku Philippines. Nditawauza, anaseka. Anati ndi a ku Amereka, a mtundu wa Navajo, polankhula amati Navaho, anthu amene analiko m'dzikomo azungu asanafike. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti, "Esinati, pasipoti yako sunga wekha. Si yanga." Ndinalowa m'chipinda changa, chokhala ndi zenera ndi bedi lenileni, n'kulira.

Mwanayo ndinamukonda ngati wobala ndekha. Tsitsi lake linali lakuda bii, lofika m'chiuno, ndipo mmawa uliwonse ndinkalipesa. Poti tsiku lonse tinkakhala awiriwiri, ndinkangomulankhula Chichewa, nayenso anayamba kutola. Akadya ankakankha mbale n'kunena kuti, "Ndakhuta."

Chaka chikupita kumapeto, amayi awo a Madamu anamwalira ku Amereka. Madamu atabwerako kumaliro anandikhazika pansi kukhitchini. "Bambo anga akubwera kudzakhala nafe," anatero. "Ndikuuziretu, ali ndi vuto la mowa. Ndakula ndikuwatola m'misewu. Panopa asiya, ndipo andilonjeza. M'nyumba muno musapezeke chilichonse choledzeretsa, ngakhale mankhwala otsukira mkamwa aja. Ndawauza kuti akangomwanso ndiwabweza. Khalasi. Mwana wanga sakula mmene ndinakulira ine."

2015: A Wilbert

Ndinkayembekezera munthu waphokoso ngati zidakwa za kwathu. Amene anafika anali bambo wamtali, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono osakuyang'ana m'maso. Tsitsi lawo la imvi ankalimanga kumbuyo ndi ulusi woyera. Dzina lawo anali a Wilbert. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yowotcherera zitsulo za nyumba zitalizitali, ndiye ankakonda kukhala pakhonde n'kumayang'ana Burj Khalifa, nyumba yaitali kuposa zonse ija, akupukusa mutu. "Amene anakwera pamwamba paja ndikanakonda kuwagwira chanza," ankatero. Mbandakucha uliwonse ankaima pakhondepo kuyang'ana kotulukira dzuwa, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Mbale yawo ankatsuka okha. Ine ankanditchula kuti Mayi Esinati, ulemu umene sindinaulandirepo m'dziko limenelo.

Tsiku lina ndikusita zovala, Nizhoni anathamangira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti, "Ndikufuna madzi." A Wilbert anali pafupi. Anatsitsa kapu yawo ya khofi.

"Chimenecho n'chilankhulo chanu?" anandifunsa.

Ndinachita mantha, kuganiza kuti akwiya. "Pepani bambo, ndisiya."

"Ayi, ayi. Musasiye. Kusukulu ankakulolani kulankhula?"

Ndinawauza kuti kusukulu kwathu, m'makalasi a pamwamba, ukagwidwa ukulankhula Chichewa ankakukoleka kachikatoni m'khosi, ndipo amene waweruka nako ankakwapulidwa kapena kukatchetcha udzu. Ndinawauzanso kuti ine ndine Mlomwe, koma Chilomwe sindichidziwa, chifukwa agogo anga ankachita nacho manyazi, ankangochilankhula akafuna kubisa nkhani kwa ana.

"Nanga mukaweruka munkapita kuti?"

"Kunyumba, kwa amayi."

"Tsiku lililonse?"

"Eya, tsiku lililonse."

"Kusiyana kwake n'komweko," anatero.

Nkhani yawo sanainene tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, nthawi zonse ine ndikusita, iwo atakhala pampando moyang'ana kuzenera. Anati anabadwira kudera louma la miyala yofiira, kumene amayi awo ankaweta nkhosa. Masiku amenewo ana a mtundu wawo ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko, kutali ndi makolo. Chaka choyamba anthu a sukulu atabwera, amayi awo anawabisa m'phanga pakati pa miyala, n'kuwauza kuti asatsokomole. Chaka chachiwiri anawapeza ali kubusa. Anakwezedwa m'lole ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amayi awo akuthamangira galimotoyo pambuyo mpaka fumbi linawaphimba.

"Titafika anatiimika pamzere," anatero. "Choyamba chinali lumo. Kwathu tsitsi si chinthu chometa wamba, Mayi Esinati. Amayi ankati maganizo a munthu amakhala mmenemo. Ndinaliona langa lili pansi, munthu akulisesa pamodzi ndi la anzanga. Kenako anatiwaza ufa wophera nsabwe, n'kutipatsa zovala zolembedwa nambala. Chingerezi sindinkadziwa ngakhale liwu limodzi. Ndinafunsa mnyamata wa pambali panga m'chilankhulo chathu kuti chimbudzi chili kuti. Mayi woyang'anira anandigwira pakhosi, n'kundilowetsa sopo mkamwa."

Anati ukakodza pogona ankakusenzetsa chofunda chako n'kukuyendetsa pamaso pa onse. Ukalira, ankakugwaditsa pasimenti. Ukathawa, ankakutsata, n'kukumeta mpala pobwera. Zina sanazinene. Ankafika pena pake n'kungoti, "Panali bambo wina woyang'anira chipinda chathu," kenako n'kutseka pakamwa, chala chikuzungulira pamlomo wa kapu. Ine ndinagwirapo ntchito m'wodi, ndimadziwa chilonda chosafunika kuchitsegula. Sindinafunse.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi cha kubwerera kwawo. Atapita kumudzi patapita nthawi yaitali, amayi awo anawathamangira, akuwalankhula, akuwasisita kumutu. "Ndinkamva zimene ankanena," anatero a Wilbert, "koma poti ndiyankhe, lilime linakana. Mkamwa munkangomveka sopo. Ndinayankha m'Chingerezi. Amayi anandiyang'ana ngati mwana wa eni. Kusukulu ndinali Mmwenye wauve, kumudzi ndinali mzungu. Mowa ndinaulawa ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, kuseri kwa nyumba yogona. Tsiku limenelo ndi loyamba limene ndinagona tulo osaopa chilichonse. Munthu ukapeza mankhwala otero, umawasiya bwanji?" Anati mwa anyamata amene anagona nawo chipinda chimodzi, ambiri anapita ndi botolo, kuphatikizapo mng'ono wawo weniweni.

Ndinawafunsa ngati Madamu ankazidziwa zimenezi. Anapukusa mutu. "Mwana sumusenzetsa katundu wotere. Inu ndinu mlendo, mudzapita nazo kwanu."

Chaka chimenecho chinali chabwino. Sanamwe. Ankaphunzitsa mdzukulu wawo kuwerenga nkhosa zojambula, ankamutengera kukaona akasupe ovina pafupi ndi Dubai Mall. Ngakhale Madamu anayamba kuseka nawo pa chakudya.

2016: Sukulu

Mwezi wa Sepitembala Nizhoni anayenera kuyamba sukulu yaikulu. Inali sukulu yabwino, ya ana a anthu olemera, yopita mmawa n'kubwera masana. Kutatsala masiku ochepa, Madamu anati tsitsi la mwana lachuluka, kusukulu kuli kusambira, tilichepetse. Tinapita kwa Tamara, ndipo analidula mpaka m'mapewa. Mwanayo anasangalala, akudziyang'ana pagalasi. Titalowa m'nyumba anathamangira kwa agogo ake kuti akawaonetse. A Wilbert anaimirira. Nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Tsitsilo mwalisiya kuti?" anafunsa.

"Kusaluni, Dadi," anayankha Madamu. "Ndi tsitsi chabe, limeranso."

"Alisesa?"

"Nanga akanatani nalo?"

Analowa m'chipinda chawo, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Tsiku lotsegulira sukulu tinatsika tonse kukadikira basi. Nizhoni anali mu yunifolomu, dzina lake litasokeredwa pakolala. Basi yachikasu itaima, mwanayo anachita mantha, n'kukakamira mwendo wa agogo ake, akulira. Mayi wothandiza m'basimo sanali woipa, anali wofulumira chabe. Anamugwira mkono akuti, "Yala, yala, habibi," kutanthauza wokondedwa, n'kumukweza. Chitseko chinatsekeka. Tinaona kankhope konyowa pazenera basi ikuchoka. Madamu anakwera galimoto yawo kupita kuntchito. A Wilbert anatsala chiimire padzuwa, akuyang'ana kumene basi inalowera. Ndinawagwira mkono kuti tibwerere.

Mwanayo anazolowera msanga, pakutha pa sabata ankachita kuthamangira basi. Koma agogo ake anayamba kutuluka masana, akuti akukawongola miyendo. Ndani amawongola miyendo padzuwa la Sepitembala ku Dubai? Ankabwera akutafuna maswiti onunkhira. Tsiku lina Madamu atangonyamuka ulendo wa kuntchito wa masiku angapo ku Oman, ndinatenga malaya a bambowo kuti ndichape, ndipo fungo la m'wodi ya amuna linandimenya m'mphuno. Ndinapita nawo pakhonde pamene anakhala.

"Bambo, mwayambiranso."

Sanakane. "Kamodzi kokha, Mayi Esinati. Kawiri."

"Muwauza nokha Madamu, kapena ndiwauze ine?"

"Akabwera ndimuuza ndekha. Ndipatseni ulemu umenewo."

Ndinavomera, koma ndinawauza kuti kufikira tsikulo mwana sakhala naye okha. Anagwedeza mutu.

Mawa lake masana ndinatsika kukachingamira basi monga mwa masiku onse. Ana ena anatsika, Nizhoni ayi. Mayi wa m'basi uja anadabwa kundiona. Anati agogo ake anapita kusukulu mmawa, n'kunena kuti kunyumba kwagwa zadzidzidzi, ndipo poti dzina lawo linali pa anthu ololedwa kutenga mwana, anawapatsa. Foni ya a Wilbert inali yothimitsa. Ya Madamu sinkalowa, anali kumalo omanga kutali ndi tauni. Ndinaganiza za apolisi, koma ndinkadziwa kuti m'dziko limenelo munthu wopezeka ataledzera pagulu amakagona m'chitokosi, ndiye kuli bwanji ali ndi mwana. Ndinaimbira Tamara.

"Mudala uja wa tsitsi?" anatero Tamara. "Nimamuona maningi masiku yano, angena mu hotela ili pafupi na saluni yathu. Bwela, yala, tenga takisi."

Kuhotelako mlonda anati bambo wotero anabweradi ndi mwana, koma anawabweza chifukwa ana salowa kumalo omwera. Anawaona akulowera chakumadzi. Tinathamanga ine ndi Tamara kudutsa m'tinjira ta masitolo a nsalu, tikufunsa aliyense. Dzuwa linali loswa mtengo, mpweya wake ngati wa mu uvuni. Tinawapeza m'mphepete mwa Creek, madzi a m'nyanja olowa pakati pa mzindawo ngati mtsinje, pafupi ndi pokwerera timaboti ta matabwa. Kumene anaupeza mowa tsiku limenelo sindikudziwa mpaka lero. A Wilbert anali gone pansi kuseri kwa mulu wa makatoni, pakamwa pali yasa. Nizhoni anakhala pambali pawo mu yunifolomu yake, nkhope ili psuu, milomo itauma, akuwakupiza ndi chipewa chawo. Amuna angapo anali ataima mozungulira, wina foni ili kale m'manja.

Mwanayo atandiona sanalire. Anaika chala pamlomo. "Shhh, Anti. Agogo akuti tikubisala. Akuti lole ikubwera kudzanditenga."

Tamara ndi amene anatipulumutsa. Anauza anthuwo kuti bambowo ndi odwala shuga, agwa ndi dzuwa. Woyendetsa takisi wina wa ku Pakistan anamva fungo, anandiyang'ana, koma sananene kanthu. Anatithandiza kuwanyamula. M'galimoto ndinkamwetsa mwana madzi pang'onopang'ono, ndikumunyowetsa kumutu ndi mpango wanga. Akanakhala pamenepo ola lina, kapena akanati ayende yekha kufuna madzi m'mphepete mwa doko lija, bwenzi nkhani ino ili ina.

Titafika kunyumba n'kuwagoneka onse awiri, Tamara anandikokera kukhitchini. "Mvela, Esinati. Osakamba vilivonse. Mwana ali bwino, sukulu siidziwa, Madamu sadziwa. Iyi ni nkhani ya pa banja pao. Ukakamba, bazakufunsa kuti unali kuti iwe. Magazi ni magazi, wantchito ndiye amapita." Sankanama. Ndinali nditaona atsikana ambiri akukwezedwa ndege chifukwa cha zolakwa za eni nyumba. Inu nonse awiri munali pasukulu nthawi imeneyo, mukudalira ntchito yomweyo.

Kutacha a Wilbert anatuluka atasamba, atamanga tsitsi bwinobwino. Anaima pakhomo la khitchini ngati mwana wolakwa.

"Ndinangofuna kumuchotsako tsiku limodzi," anatero. "Ndinapita ndili bwinobwino, sindinamwe. Koma titatuluka pageti, mtima unayamba kugunda, ndinkangoona ngati akutitsatira. Ndinati ndimwe pang'ono kuti manja akhazikike." Anapuma. "Mayi Esinati, kwathu kulibe munthu. Mkazi wanga anapita. Nyumba ili yokha. Anzanga amene atsala ndi a m'botolo. Mukamuuza Darlene, andibweza, ndipo ine chaka sindimaliza. Ndikudziwa. Ndikupemphani."

Bambo wamkulu ngati ameneyo, amene anandipatsa ulemu, amene anandiuza zimene sanauze mwana wake, akundipempha moyo. Mwina ndikanagonja. Koma nthawi yomweyo Nizhoni anatulukira, ndipo iwo anagwada, n'kumugwira mapewa. "Za dzulo zija ndi chinsinsi chathu," anamuuza. "Amayi usawauze. Wamva?" Mwanayo anayang'ana agogo ake, n'kuyang'ana ine, n'kugwedeza mutu. Ndinaona kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kakumeza chinthu cholemera, kakuphunzira kutseka pakamwa. Ndinamutuma kuti akavale nsapato.

"Bambo," ndinatero, "mwandiuza nokha zimene kukhala chete kunakuchitani. Mwana uyu sindilola kuti ayambe ulendo umenewo. Madamu akafika ndinena zonse, inu muli pomwepo. Sindikunenani kumbali."

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chifikireni. Kenako anabwerera kuchipinda.

Madamu anafika madzulo a tsiku lotsatira. Mwana atapita kukasewera kwa anzake a nyumba yoyandikana, ndinawapempha kuti akhale pansi. Ndinanena zonse, kuyambira malaya aja mpaka makatoni a kudoko. Ndinanenanso kuti ndinadziwa tsiku limodzi zisanachitike, ndipo ngati aona kuti ndinalakwa, andichotse. Madamu sanakuwe. Anapita kubafa, tinamva madzi akutuluka nthawi yaitali. Atabwera, maso ali ofiira, anaima patsogolo pa bambo awo.

"Ine munandiiwala pa malo omwetsera mafuta ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Mukukumbuka? Ndinakhala pamenepo mpaka mdima. Ndinalumbira kuti wanga zimenezi sadzaziona."

A Wilbert anayamba kulankhula, koma osati m'Chingerezi. Mawu a chilankhulo chawo ankatuluka movutikira, odukaduka, ngati chitseko chimene chakhala zaka chosatsegulidwa. Analankhula nthawi ndithu, misozi ikutsika. Madamu anawasiya mpaka anamaliza.

"Dadi, sindikumva," anatero motsitsa mawu. "Simunandiphunzitse."

Sabata isanathe tikiti inali itagulidwa. Madamu sanawataye ayi. Anawapezera malo kunyumba yothandiza anthu kusiya mowa kufupi ndi kwawo, n'kulipira zonse. Ine sanandichotse, ndipo nkhani ya tsiku limodzi lija sanaitchulenso. Tsiku lonyamuka, a Wilbert anapsompsona mdzukulu wawo pamutu, n'kubwera kwa ine. Anandigwira chanza mopepuka, mmene ankachitira nthawi zonse, kungokhudza chabe.

"Mwagwira ntchito yanu, Mayi Esinati," anatero. "Pa nthawi yanga pakanakhala munthu mmodzi wonena zoona ngati inu." Sanamalize. Ananyamula chikwama, chitseko cha lifiti yotsikira pansi chinatsekeka.

2017

Kumalo kuja a Wilbert anakhalako milungu yowerengeka, kenako anatuluka okha. Ankaimba foni mwa apo ndi apo, nthawi zina mawu ali bwino, nthawi zina olemera. Kenako anasiya. Mwezi wa Febuluwale, nthawi imene kwawoko kumazizira mpaka madzi kuuma, Madamu analandira foni ali pa chakudya cha mmawa. Bambo awo anapezeka m'mbali mwa msewu, kunja kwa tauni ina, akuoneka kuti ankayenda wapansi kulowera kumudzi. Anagona pamenepo, chisanu n'kuwamaliza.

Tamara nditamuuza anangoti, "Mulungu awalandile." Sananene kuti ndinakuuza, ndipo ndimamuthokoza. Ine ndinagwira ntchito tsiku limenelo monga mwa masiku onse, koma nditafika pa zosita ndinalephera. Ndinakhala pampando wawo uja. Ndinadzifunsa ngati ndinapha munthu. Ndadzifunsa funso limeneli zaka zonse zimene ndinakhalabe m'nyumbamo, mpaka pamene mawondo anandibweza kuno Nizhoni ali mtsikana wamkulu. Yankho langa silisintha: atandibwezera kukhitchini kuja, ndinganenenso. Koma musaganize kuti kuchita choyenera kumabweretsa tulo. A Wilbert anandiuza chimene chidzachitike, ndipo chinachitika momwemo.

Madamu anapita kumaliro okha. Atabwerako anatha masiku osatchula kanthu, anati kwawo womwalira satchulidwatchulidwa. Koma tsiku lina anabwera kuntchito masana, zimene sankachita. Anandipeza kukhitchini, anakoka mpando.

"Esinati, kumaliro kunabwera nkhalamba ina imene inati inali nawo kusukulu. Inandigwira dzanja n'kunena kuti, bambo ako anapirira zambiri kumene kuja. Nditafunsa kuti zotani, inangolira. Ine ndimangodziwa kuti anaphunzira sukulu yogonera komweko, basi. Iwe unkakhala nawo tsiku lonse. Anakuuzapo chilichonse?"

Ndinakumbukira kuti anati ndidzapite nazo kwathu. Koma mwini wake anali atapita, ndipo amene anakhala patsogolo panga anali mwana wamasiye wofuna kudziwa bambo ake. Ndinazimitsa chitofu, n'kukhala pansi. Ndinawauza zonse mmene ndinazimvera, osawonjeza, osachotsa, mpaka pamene bambowo ankafika n'kutseka pakamwa. Nditanena za lumo, Madamu anagwira pakamwa. "Tsitsi la Nizhoni," anatero. "Ndinawauza kuti ndi tsitsi chabe."

"Moyo wanga wonse," anatero nditamaliza, "ndinkaganiza kuti ankakonda mowa kuposa ine."

Ndinasendeza mpando wanga pafupi, n'kukhala nawo phewa ndi phewa mmene timakhalira ndi namfedwa kwathu kuno. Tinakhala choncho mpaka nthawi yoweruka ana inakwana. Madamu anasamba kumaso, ine ndinatenga botolo la madzi ozizira, ndipo tinatsika tonse awiri kukachingamira mwana.